Makilo Makumi Awiri

Vitumbiko anafika Lachinayi usiku,
thankala yake ili matope a ku Chiweta,
natsitsa ndowa zinayi pakhonde langa ku Katoto.
Anati, mlongo, nyanja unkaifuna ija ndi iyi.
Nditavundukula ndinapeza miyala
yokulungidwa m'nyuzipepala zonyowa za Chiswahili,
yobookabooka ngati zisa za njuchi,
ikununkha doko limene sindinapondepo.

Wogulitsa wa ku Dar analemba pakatoni:
kilo imodzi pa malita khumi aliwonse.
Thanki yanga yagalasi imamwa malita mazana awiri.
Masamu ake ngakhale mwana wa sitandade folo akhoza.
Koma mchimwene wanga ndi dzanja lake lija,
loti ukapempha nthochi limabwera ndi mkoko,
anagula makilo makumi atatu ndi asanu.

M'mawa ndinakabwereka sikelo ya nyemba
kwa Nyamzumara mumsika wa Zigwagwa.
Anandifunsa kuti ndayamba geni yanji.
Ndinati ndikuyeza miyala.
Anandiyang'ana mmene timayang'anira odwala kuwodi
tikasowa chowauza.

Ndinaika yonse. Ndivomere.
Chinthu chodutsa pa Songwe, cholipiridwa msonkho,
ungachisiye bwanji m'ndowa?
Bambo Luhanga, mmisiri wa nyumba yoyandikana,
anandithandiza kusanja ngati maziko a sitolo,
mwala kupsompsona mwala, popanda polowa chala.
Anasasa m'manja nati ichi sichigwa mpaka Yesu adzabwere.

Sichinagwe.
Koma pampu inkakankha madzi, madzi n'kubwerera,
kuseri kwa khoma kunagona litsiro,
ndere zofiirira zinayala mphasa pagalasi,
ndipo pamene ndinkati padzasambira nsomba
panatsala kanjira kopapatiza
ngati ka pakati pa mabenchi a kaunjika.

Choncho Loweruka lina lamawawa,
chifunga chitameza nsanja ya wotchi m'tauni,
ndinapinda juzi mpaka m'zigongono
n'kuyamba kuchotsa.
Mwala uwu wakongola, koma watseka mphepo ya madzi. Tuluka.
Uwu ukufanana ndi mutu wa ng'ombe. Tuluka.
Uwu wopepuka, wa mauna ambiri, khala,
chifukwa m'maunamo ndimo mumagona tizilombo tosaoneka
timene timadya zonyansa za nsomba, madzi n'kuyera.
Pakati ndinasiya khomo loti chibakera changa chidutse,
kumbuyo mpata wa chikhatho,
pamwamba madzi okhaokha.

Ndinkayeza uliwonse wotuluka.
Singano itakwana makilo khumi ndi asanu ndinaleka,
ngakhale mtima unkati bweza umodzi,
tizilombo tija tingachepe,
nsomba yamantha ingasowe kothawira.
Amati mapanga awiri avumbwitsa,
koma nsomba ya phanga limodzi imafa ndi nkhawa.
Ndinabweza kamodzi, kakang'ono. Ndinakachotsanso.
Ndinakabwezanso.

Kenako kudikira, masabata asanu ndi limodzi
thanki ili ndi miyala yokha,
alendo akufunsa kuti nsomba zabisala kuti.
Magetsi akazima ndinkalumikiza batire ya galimoto,
n'kufunditsa galasi bulangeti langa,
poti chisanu cha Juni kuno sichidziwa
kuti m'chipinda muno muli Indian Ocean.

Usiku wina nditaweruka mochedwa
ndinaunika ndi tochi ya foni.
Pa kamwala kobwezedwa kaja
kankhono kanatulutsa tinyanga take,
pang'onopang'ono, osandiopa.
Kuona maso a nkhono n'kudekha,
ndinawaona ndithu, yunifolomu ndisanavule.

Makilo otsala aja ali m'mgolo kuseri kwa chitseko,
ndimawasinthira madzi, sindidziwa chifukwa chake.
Vitumbiko waimba dzulo ali pa Tunduma.
Akuti wapeza ina yabwino kuposa ija,
atenge ndowa zingati?
Ndati ubwere ndi nsomba ziwiri basi,
zazing'ono,
malo ake ndakonza kale.